Womasulira pa Khoti la Chipata

Ntchito yanga ndi kusenza mawu a eni.
Ndimaima pansi pa fani imene inaleka kuzungulira chaka chatha,
kumanzere Chinyanja, kumanja Chingerezi,
ine ulalo wa thabwa limodzi pa Lunkhwakwa.

Lachiwiri anabweretsa Dailesi Shawa wa ku Navutika,
wogulitsa kapenta pamsika wa Kapata,
chitenje chikununkhabe mchere.
Mlandu wake: anaimba foni ku wailesi
m'mawa, tauni yonse ikupemerera tiyi,
nati tcheyamani wa kopaletivu, Yotamu Soko,
anadya feteleza wa anthu, matumba makumi anayi.

Woweruza anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.
Anadya?
Ndinafuna kufotokoza kuti kuno kwathu
munthu amadya feteleza, simenti, malata a sukulu,
osatsegula m'mimba,
koma ndinalumbira kuti sindidzathira mchere m'mawu a mwini.
Ndinangoti: anaba.

Dailesi anamasula mfundo ya chitenje
natulutsa malisiti opindika ngati fodya wouma:
ndalama zinapita mu Okutobala,
chimanga chinachita chikasu mu Januwale.
Loya wake, mnyamata wa nsapato zafumbi,
anatsegula buku limene limabala malamulo ena onse,
ndime ya makumi awiri,
nawerenga kuti pakamwa pa munthu sipakhomedwa loko,
kuti aliyense anene zakukhosi, amve, auzenso ena.
Ndinamasulira mosathamanga
kuti a kubenchi yakumbuyo atapeko.
Dailesi anawongola msana.

Koma mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.
Ndime ija ili ndi mchira,
ndipo mchirawo uyamba ndi liwu limodzi: pokhapokha.
Mbiri ya mnzako. Mtendere wa mudzi.

Analiza mawu ojambulidwa aja mpaka kumapeto.
Dailesi, mpweya wa mufoni utatsala pang'ono,
mkwiyo utasefukira, anawonjezera ndemanga:
ndiponso amayi ake amauluka usiku m'lichero,
ndiwo anamanga mvula ya chaka chino.

Pamenepo ndinawaona amayiwo,
a Tikambenji, pafupi ndi chitseko,
bandeji pachipumi, pamene panatera mwala.
Kuyambira tsiku lija palibe agula vitumbuwa vyawo,
ana amawoloka msewu akawaona,
zenera lawo latsekedwa ndi katoni.
Iwo feteleza sanamukhudze.
Sadziwa ngakhale kumene wailesiyo imaulutsira.

Masulira, anatero woweruza.
Lilime lilibe fupa, koma langa linauma gwa.
Ndinasenza lichero lija kupita nalo ku Chingerezi,
ndipo linafika kumeneko likulemerabe.

Chigamulo chinang'ambika pawiri ngati nsalu ya pa Dauni Shopu.
Za matumba: walankhula zoona, palibe mlandu,
mabuku a kopaletivu apite kupolisi.
Yotamu anameza malovu, tayi ikukwera.
Za lichero: kutcha munthu mfiti n'kulakwa,
ulipire, ukapepesenso pa wailesi yomweyo,
nthawi yomweyo ya tiyi.

Dailesi anandifunsa ine, osati woweruza:
Nanga ndapambana kapena ndagonja?
Limenelo sindinamasulire.
Panja ndinamuona ataima patsogolo pa a Tikambenji,
manja kumbuyo, akukumba pansi ndi chala chakuphazi.
Zimene ananena sindinamve.
Sizinafune womasulira.

Madzulo ndinakankha njinga kukwera ku Kanjala,
tcheni itaduka.
Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndanena "ine"
m'malo mwa akuba mbuzi, mboni, akazi omenyedwa,
koma "ine" wanga sanatulukepo.
Ndalama zathu za maulendo a ku Chadiza
zakhala miyezi isanu ndi iwiri m'kabati ya wina wake.
Dzina lake ndikulidziwa.
Mapepala ndili nawo.
Za amayi ake sindidziwa kanthu, ndipo sindidzanena.

Mufoni mwatsala makwacha asanu.
Pulogalamu iyamba sikisi koloko.