Galu Amene Anaiwala Fungo la Mwini

Zaka khumi ndi ziwiri ndalondera matabwa ku Luwinga,
tochi m'manja, jekete lonyowa ndi nkhungu.
Ntchito yanga ndi imodzi basi:
kudziwa wa pano, kudziwa mlendo.

Koma ichi chinalowa kwathu ku Chiputula
osathyola loko.
Nyalongwe anayamba kugona masana,
iye amene ankafika ku Zigwagwa mabenchi adakali onyowa
n'kuyala matimati anzake asanabwere.
Anayamba kudzikanda usiku wonse,
mawondo akuphwanya,
mkodzo utada ngati tiyi wopanda mkaka.
Tsiku lina ndikuweruka m'mamawa
anatsegula chitseko, ndipo maso ake
anali achikasu ngati mkati mwa papaya.

Oyandikana nafe anapima matendawo pa mpopi.
Wina anati amamwa kachasu mobisa.
Wina anati n'zam'thupi za mwamuna wake,
alonda amayenda usiku.
Mlamu wanga anabwera ndi botolo la mizu yowawa,
ndipo ine, ndinene zoona,
ndinamupatulira kapu yakeyake, yobiriwira,
n'kuiika payokha pa zenera.

Ku Sentilo anam'tenga magazi katatu.
Tizilombo tija totupitsa chiwindi anatifufuza, osatipeza.
Magazi ena anawatumiza kutali,
ife n'kumadikira, mvula yamawawa ikugogoda malata
masabata asanu.

Dokotala Msowoya anatembenuza pepala, n'kujambula kuseri.
Anati: m'thupi muli alonda, bambo,
ogwira chilichonse chachilendo cholowa.
Alonda a mayiwa asokonezeka.
Aona chiwindi, mwini nyumba weniweni,
amene amasefa magazi, amene amaphika ndulu,
ndipo akumumenya ngati wakuba.
Chifukwa chake? Anapukusa mutu.
Sitidziwa bwinobwino. Si mowa. Si ufiti. Sapatsirana.
Tikawalekerera, mabala adzasanduka zipsera,
chiwindi n'kuuma gwa.

Ndinapinda buluku, ndinamuonetsa katumba.
Mano anayi, chaka chachitatu pa ntchito.
Bulaki ndinamulera ndekha, ndinkamugawira chipisi changa,
koma usiku wina wa chifunga
anandilumphira pa geti
ngati sanandinunkhizepo chibadwire.
Dokotala anayang'ana chipseracho nthawi yaitali.
Ndiye munatani naye galuyo?
Sindinamuphe, ndinatero. Akuba akanatimaliza.
Ndinafupikitsa tcheni.
Eya, anatero, mankhwalawa ndi tcheni.

Tsopano m'mawa uliwonse ndikafika,
ndisanavule nsapato,
ndimamva kabotolo kakulira m'manja mwake.
Mapiritsi amutupitsa masaya,
moti azimayi a kumpopi akuti banja lamukomera.
Njala imamugwira ngati mwana wa sukulu.
Chimfine chikadutsa mumsewu chimayamba kupereka moni kwa iye,
poti alonda ali pa tcheni.
Mwezi wina anati, ndachira, ndisiye,
maso ayera, ndikunyamula dengu ndekha.
Ndinati, Nyalongwe, Bulaki akagona
sindiye kuti mano agweluka.
Anandiponyera chitenje kumaso, n'kumeza.

Pa kalendala ya ku sitolo ya feteleza
tazunguliza masiku okapimitsa magazi.
Amakwera kabaza, kabuku ka kuchipatala m'pulasitiki,
ndipo manambala amatsika, amakwera pang'ono, amatsikanso.
Sitinalonjezedwe tsiku lomaliza.
Botolo la mlamu ndinalikhuthulira m'ngalande.

Usiku pa geti, matabwa akununkha utomoni,
ndimaganiza za thupi lake likugona kutsidya kwa tauni,
mwini nyumba ndi alonda ake pansi pa bulangeti limodzi,
osakhulupirirana,
komabe kunja kumacha.

Kapu yobiriwira ija ndinaichotsa pa zenera.
Ndimamwera ine tiyi wa kuntchito.
Sananenepo kanthu,
koma anaona.