Pa Nsanja, kwa Chulu

Ambuye, ndine Yosofati,
wa munda wakumapeto uja,
woyandikana ndi waya wa nkhalango.
Mukundidziwa. Ndimakhala benchi lakumbuyo,
ndipo nthawi zina ulaliki umandipeza ndikusinza.
Lero ndiye ndili maso.

Ndakwera pa nsanja dzuwa litangolowa.
Zida zanga ndi izi, muzione:
chitini chobooka cha mafuta ophikira,
kamtengo komenyera,
tochi ya mabatire ofooka,
ndi ndowe zosakaniza tsabola zimene zikufuka pansipa.
Pomwe njovu imene ndikuilindayo
imazula msuku ngati ikuzula bonongwe.
Musaseke, Ambuye. Kapena sekani,
nanenso ndikaganiza ndimaseka.

Chimangachi mwachiona mmene chaberekera?
Feteleza wake ndi wangongole,
matumba awiri kwa a Chimbalanga, obweza mu Juni.
Elufe anapalira ali ndi pakati,
kuwerama, kuweramuka, dzanja lili pamsana.
Mizereyi ndimaidziwa ndi mayina:
iyi ndi fizi ya Lekeleni,
iyo ndi malata asanu ndi limodzi,
yakuchulu uko ndi yanu, chakhumi,
ulendo uno sindiiwala.

Chaka chatha, tisabisane,
ndinakwiya nanu.
Zinalowa usiku umodzi, zinayi ndi kamwana,
kutacha munda unali bwalo la mpira.
Masabata atatu sindinaponde kutchalitchi.
Ndinkadzera kuseri, belu likulira,
ngati munthu wozemba mwini ngongole.
Koma ganyu wosoka fodya anapezeka ku esiteti,
mlamu anatumiza thumba la makaka kuchokera ku Nkhamenya,
ndipo pakhomo panga sitinaike munthu m'manda.
Nthawi imeneyo sindinathokoze.
Ndikuthokoza pano, mochedwa, pamwamba pa mitengo inayi.

Tamverani.
Nthambi yathyoka cha kumadzulo.
Agalu a kwa Zakeyu asiya kuuwa,
achule nawo ati zii kudambo.
Maondo anga ayamba kale kupemphera
mwini wake ndisanatsegule pakamwa.

Sindikupempha kuti muziphe, ayi.
Ndi zanu, munaziumba nokha, makutu ngati malichero,
ndipo nazonso zili ndi mimba.
Ingozikhotetsani.
Zikumbutseni za madzi a ku Lifupa,
za mfula zimene zayoyoka m'nkhalangomo popanda wotola.
Koma musazilozere kwa Zakeyu,
wangoika kumene mkazi, ndipo munda wake ndi kachigamba.
Kozipititsa mukudziwa ndinu.
Ine nzeru zanga zathera pa chitinichi.

Ndiyamba tsopano.
Ine ndimenya, inu muike mantha m'phokosomo,
pakuti chitini ndi chitini basi.

Ndipo zikalowabe,
zikapondaponda fizi, malata, ndi chakhumi chanu chomwe,
mundigwire mwendo
ndisatsike pano ndi ukali, nkhwangwa m'manja,
monga anachitira mwana wa a Nkhoma dzana lija.
Mundisunge mpaka kum'mawa kutafiira,
kuti Elufe akamabwera ndi tiyi m'kabotolo,
akuyenda pang'onopang'ono m'mame,
apeze munthu woti amupatse.

Zinazo tidzakambirana Lamulungu.
Mudzandipeza benchi lomwe lija.