Zilembo Zoonda

Zaka khumi ndi zinayi ndili pampando uno,
kuseri kwa depoti ya Dedza,
kutayipira anthu makalata ofunsira ntchito,
madandaulo a malire a munda,
mapologalamu a ukwati ndi a maliro.

Koma m'mawa wina wa Juni
kompyuta inadzuka itavala zina.
Akuti yadzikonza yokha usiku.
Anaituma ndani?
Zilembo zonse zitaonda ngati miyendo ya udzudzu,
zotuwa pamwamba pa zoyera,
ngati nkhungu ija imatsika m'phiri
n'kumeza mapaini, msika,
ndi mnyamata wa kachewere yemwe.
Batani losindikizira analisamutsa osatsanzika.

Ndinapukuta mandala ndi nsonga ya chitenje.
Ndinapukutanso.

Lachinayi a Kadzakumanja anabwera
ndi mbiri ya malemu akazi awo papepala la m'kope.
Pagalasi 3 ndi 8 anaima ngati mapasa
ovala malaya amodzi.
Ndinasindikiza makope makumi asanu.

Anabweranso Lolemba, chipewa kumanja,
dothi la kumanda likadali kunsapato.
Sanakalipe.
"Mwanawe, mayi aja anabadwa 1953.
Wawadula zaka zisanu.
Ine sindinaliko zaka zimenezo,
koma zinali zawo."

Ndalama anakana kulandira.

Madzulo ndinaitana Tsilizani wokonza mafoni,
uja amayenda ndi fulashi m'khosi ngati chithumwa.
Anasuzumira, nayenso n'kutsinzina diso limodzi.
"Anti, apa n'kusamuka basi.
Windozi yakulemerani. Tiyeni ku Linaksi,
kumeneko kulibe lendi."

Kusamuka? Pa msinkhu wanga uno?
Nanga makalata a anthu,
nanga mayina onse ndasunga muno,
amoyo ndi ogona?
Iye anangoseka,
n'kuwalongedza onse m'kanthu kochepa ngati chala.

Kamzere kanayamba kukwawa pagalasi
ngati lole ya simenti pachitunda cha Linthipe.
Magetsi anaphethira kawiri.
Ndinagwira m'mphepete mwa tebulo
mpaka tiyi anazizira m'kapu.

Kenako anati, "Sankhani nokha."
Chiyambire palibe anandifunsapo zimenezo.
Ndinasankha zilembo zonenepa
ngati nyemba za ku Bembeke,
chilichonse choima pachokha, chosatsamira chinzake.
Kumbuyo ndinaika mtundu wa mbiya yosawotcha,
kuti kuwala kuleke kundilasa m'maso.
Ngakhale ŵ anabwera atavala kachipewa kake,
osati kabokosi kopanda kanthu kaja.

Sindinama, kwachilendo n'kwachilendo.
Pulinta inanyanyala masiku awiri,
makasitomala n'kumapita kwa Nachuma kutsidya kwa msewu.
Dzanja langa likadathamangirabe kungodya yakale
ngati lilime lofuna dzino lozuka.
Tsilizani ndamuimbira kasanu ndi kawiri,
tsopano akayankha amayamba ndi kuusa moyo.

Koma dzulo, nditatseka chitseko,
ndinatsegula pologalamu ya maliro ija.
Ndinafufuta 8.
Ndinaika 3, mimba zake ziwiri zotseguka bwinobwino,
zooneka ngakhale nditavula mandala.
Ndinasindikiza kope limodzi lokha
papepala lolimba lija ndimasungira maukwati.

Lili m'envelopu, pansi pa kiyibodi.
A Kadzakumanja amabwera kuboma
tsiku lolandira penshoni.