Teni Pasiti Seveni

Dona Graciete wandandalika makina atatu pa kauntala
ngati akundisankhitsa mkamwini.
Kunja mvula ya ku Porto ikutsuka msewu wa Cedofeita,
ambulera yanga ikudonthera pansi pa sitolo yake.

"Awa amamvera foni.
Muli ku Madeira komweko, mungodina, nsomba zadya."
Foni yanga sindiidina ine, imalira yokha Lachiwiri
mwana wanga Benedita akandikumbuka.

"Awa ndi olumikiza kukhoma."
Kwathu magetsi amathima
ketulo ndi ayironi zikangokumana.

Achitatu ndi kang'oma kakuda kokwana m'dzanja:
mabatire awiri, kakhomo kotsetsereka.
Kamazungulira kamodzi, n'kukhutula, n'kugona.
Mayuro makumi awiri ndi anayi.
Ndikukagwedeza pafupi ndi khutu ngati dzira lokayikitsa.

"Bwanji osangopempha mnansi, bambo Anselmo?"

Ndinapempha, chaka chatha.
Telmo wa chipinda cha pamwamba,
mtima wofewa, dzanja lolemera.
Nsomba ikayasama, iye ankati ikulira njala.
Ndinabwerako madzi ali ngati msuzi wa kabichi,
Bispo, wamkulu wa zonse, akuyandama chagada,
Telmo ali chilili pakhomo, chipewa m'manja.
Amati chifundo chinapha nkhwali.
Kwathu chinapha Bispo.

"Musaikemo chakudya chopyapyala chija," akutero mayiyo,
"chinyontho chikalowa chimagwirana,
kakhomo n'kutsekeka, inu muli kutali.
Tengani cha timibulu.
Ndipo mukayese masiku atatu musananyamuke.
Wantchito watsopano samusiyira makiyi tsiku lomwelo."

Usiku woyamba kakhutulira pa sosala.
Ndavala magalasi, ndikuwerenga ndi nsonga ya mpeni:
timibulu makumi atatu ndi kamodzi. Tachuluka.
Ndachepetsa kakhomo. Tisanu.
Ndakuza pang'ono, kachikhadabo kokha.
Khumi ndi tinayi.
Nsomba zisanu ndi ziwiri, tiwiritiwiri,
ngati Gorda atasiya umbombo, zomwe sizidzachitika.

Kenako kawotchi kake kakuphethira,
kakufunsa nthawi.

Idalina ankazidyetsa teni pasiti seveni,
khofi ali pamoto, tsitsi asanapese,
akuziitana mayina omwe ine ndinkawaseka.
Zaka zitatu tsopano, dzanja lake ndine.
Ndadina seveni. Ndadina teni.
Chala chachedwa pa batani lomaliza.

M'mawa wachitatu ndakhala pampando,
manja ndawakhalira kuti angaiwale.
Krrr.
Zonse zisanu ndi ziwiri zathamangira pangodya
pomwe kang'oma kapachikidwa.
Ndayandikira galasi, ndatsokomola.
Ngakhale Sardinha wa diso limodzi,
yemwe ankandijompha chala m'mawa uliwonse,
wandionetsa mchira.

Masiku atatu basi!
Ine mpaka lero ndimatsitsa makapu awiri,
ina n'kuibwezera m'kabati mwakachetechete.

Sindikuzida. Mimba ilibe manyazi,
ndipo ndalama zanga zagwira ntchito.
Ndaika mabatire atsopano ngakhale akale sanathe,
ndamata kang'oma ndi tepi kuti kangagwere m'madzi,
ndasintha madzi pang'ono, ndapukuta galasi.
Telmo ndamupatsa kiyi ndi lamulo limodzi:
ulowe, uwerenge, zikwane zisanu ndi ziwiri, utuluke.
Walumbira pa dzina la mayi ake.
Chitini cha chakudya ndachilonga m'sutikesi,
pakati pa masokosi ndi mankhwala a mtima,
poti Telmo ndimamudziwa.

Ndege yanyamuka kusanache bwino.
Douro watsala m'munsi, kalamba wotuwa,
kenako mitambo, kenako nyanja yopanda galasi,
nsomba zosawerengeka zomwe palibe amazidyetsa.
Mtsikana wa mundege akufunsa ngati ndimwa khofi.
Ndikuyang'ana wotchi.

Ku Cedofeita, m'chipinda chotseka makatani,
kanthu kakuda kakutembenuka kokha.
Kuno, pamwamba pa kathebulo kopinda,
chala changa chachikulu ndi chamkombaphala
zikufikisana, zikuwaza,
mulibe kanthu.

"Shuga, bambo?" akufunsa mtsikanayo,
akuyang'ana dzanja langa.