Chitseko cha Nambala 14

Lolemba, nkhungu isanachoke m'mapaini a ku Luwinga,
ndinafika ku hositelo ndi ndowa, bulashi ndi sopo waufa.
Pa chitseko cha Enoshi wina anali atalemba ndi khala:
Ayuda munapha Yesu, kwanu.
M'munsi mwake mtanda wopindika miyendo,
mwendo umodzi utaloza kolakwika.
Wolembayo sankaudziwa bwino, anangouona penapake.

Ayuda mu Mzuzu muno ndikudziwamo atatu.
Seveni isanakwane onse anali pakhonde.

Dokotala Perlmutter, ophunzitsa za maso,
imvi mbuu, juzi yobooka pachigongono,
anati: Mayi Msowoya, fufutani msanga.
Chitsiru chikufuna oonerera, tisachipatse.
Agogo anga anaona zoposa makala.

Talia, uja amafufuza matenda a khofi,
anandigwira dzanja bulashi ili m'malere.
Musakhudze! Foni yake inaphethira kanayi.
Akuluakulu a koleji aone, apolisi aone.
Amene anakhala chete kale tikudziwa kumene anathera.
Dokotala anavula magalasi pang'onopang'ono:
Mwanawe, usandiphunzitse za akufa anga.

Mwini chitseko anali asanafunsidwe kanthu.
Enoshi wa ku Mbale, ku Uganda, wakuda ngati ine,
kachipewa koluka kali paliwombo.
Anati: Inu nonse mumagona kumpanda ku Katoto.
Ine usiku uno ndigona kuseri kwa thabwa limeneli.
Wolembayu mwina tinadyera limodzi tchipisi dzulo,
mwina ndi amene amandibwereka kakyuleta.
Ndikufuna adzanene pamaso panga
ndimufunse ngati Yesuyo anali Mtumbuka.

Palibe anaseka.
Anakangana m'Chingerezi chothamanga, ndinkangotola zogwa:
kalata, ayi msonkhano, ayi zisiyeni.
Talia anatchula nkhondo ina yakutali,
Dokotala anati imeneyo isalowe muno,
Enoshi anati inalowa kale, simumva kukantini?
Madzi m'ndowa anazizira.
Anyamata opita kukalasi ankachepetsa liwiro,
awiri anagundana zigongono,
mmodzi anawerama ngati wataya ndalama.

Ine palibe anandifunsa.

Ndinabadwira ku Ntcheu, bambo ali mphunzitsi.
Chaka chomwe aphunzitsi akumpoto anauzidwa kuti abwerere kwawo
wina analemba ndi choko pabolodi la kalasi yawo
mawu omwewa, kungosintha mtundu.
Amalume anati tikadandaule kwa a DC.
Amayi anati mukufuna ana awa akule opanda bambo?
Anakangana usiku wonse, nyali mpaka kutha mafuta.
Bambo anali atafufuta kale ndi mkono wa malaya,
ndipo malaya amenewo sanawavalenso.
Mpaka lero sindidziwa amene ankanena zoona.
M'lole tinakwera tonse,
wofuna kudandaula ndi wofuna kukhala chete,
mbuzi, matiresi, ndi wailesi yopanda mabatire.

Itakwana naini kapitawo anandiimbira:
makonde ena akudikira, mwagona kumeneko?
Atatu aja anamvana chimodzi chokha,
chithunzi chisungidwe, chitseko chitsukidwe.
Zotsalazo adzakamba Lachisanu poyatsa makandulo,
ngati Talia adzabwere,
poti anachoka osatsanzika, nsapato zikulira pasimenti.

Enoshi anafuna kundilanda bulashi.
Ndinakana, ndi ntchito yanga, ndimalandirirapo.
Anatenga chiguduli m'ndowa.
Tinatsuka awiri, iye m'mwamba, ine m'munsi,
madzi akuda akutsikira m'zala mpaka m'zigongono.
Anandifunsa kuti khala pa Chitumbuka amati chiyani.
Ndinamuuza kuti ine Chitumbuka ndinachiphunzira mochedwa,
kuno amanditchula wa kumwera.

Khala limachoka, koma thabwa la paini limamwa.
Dzuwa likalowa pakhonde cha m'ma teni,
ukaima chammbali, mawu oti kwanu amaonekabe.
Enoshi wapachikapo ndandanda ya mayeso,
koma pepalalo ndi lalifupi.

Ndakapempha penti kusitolo ya koleji.
Akuti ndidikire bajeti ya mwezi wamawa.