Msoko wa M'khwapa

Anabwera Lachiwiri, fumbi la ku Mchini lili m'mapazi,
nsalu atapanira m'khwapa, mamita atatu osakwana bwino,
nati, "Amayi, andiitana ku Lusaka.
Dzina langa lili pa mndandanda wa anthu asanu."
Ndinalavulira mapini m'dzanja.
"Tambasula manja, Yotamu. Usapume."

Mapewa ake ndi a njinga.
Lamanja linatsika ndi matumba a makala
zaka zija asanagule gitala.
Choko changa chinaona zimenezo;
ndinabisamo kathonje kuti afanane.

Masiku anayi mashini anga analira pa Kapata,
pakati pa ogulitsa kapenta ndi mnyamata wokonza mafoni.
Mabatani ndinasokerera usiku, foni ili pakamwa kuunikira:
asanu ofanana,
wachisanu ndi chimodzi wochoka pa jekete la malemu amuna anga.
Analipira theka. Zotsala, akuti, "Ndikabwera ndi chikho."
Ndinalemba m'buku: Shawa, mazana atatu.

Loweruka tinadzazana m'shopu ya a Daka,
kanema pamwamba pa filiji, jenereta ikutsokomola panja.
Mwambo wake ndi wautali ngati maliro a munthu wolemera.
Anayamba oyimba zauzimu, oyera mbee
ngati sanakhalepo pa benchi ya pasiteshoni;
kenako a rege, a kalindula,
anyamata olankhula mothamanga aja, buluku lili m'munsi mwa matako,
mtsikana wina diresi lopanda msana.
Esinala anati, "Telala wake nsalu inamuthera."
Aliyense akalandira athokoza Mulungu, amake, ndi amene anavota.
Tinavota ndithu ife.
Tokotaimu yanga ya sabata yonse inapita kumeneko.

Nyimbo sindinazimve kwenikweni.
Ndinali kuona makolala, mipendero,
zipi ya wolengeza yokhotera pang'ono kumanzere.

Tulo titayamba kuba ana, linafika gawo la nyimbo za makolo.
Envulopu inakana kutseguka.
A Daka anazimitsa filiji kuti timve.

Dzina linatuluka lopindika m'kamwa mwa mlendo,
koma linali lake.
Shopu inaphulika. Nthungululu, mabotolo kugubuduka,
khanda la Esinala kudzidzimuka kumsana.
Ine zii, manja pakamwa,
pakuti ndinadziwa chimene chikubwera:
munthu akapatsidwa chikho amachikweza m'mwamba.
Ndipo m'khwapa muja, kumanja,
nsalu inaperewera chala chimodzi.
Ndinalumikiza ndi kachidutswa, msoko ndinaubwereza katatu,
ndinamuchenjeza, "M'basi usamatambasuke."

Anakwera masitepe. Analandira ndi manja awiri.
Kenako mkono wonse m'mwamba, mpaka kumagetsi,
ngati akuimitsa basi ya ku Lundazi yomwe yamupitirira.

Msoko unagwira.

Ndinakhala pa kireti, mawondo atandithawa.
Iye anathokoza Mulungu, amake ku Chadiza,
anzake a njinga a pa Kapata,
aphunzitsi a kwaya amene ankamumenya ndi buku la nyimbo,
mwini situdiyo amene anamujambulira m'chipinda chotchinga ndi matiresi.
Ine sananditchule.
Esinala anandiyang'ana, ine ndinayang'ana kanema.
Ulusi ukaoneka, ndiye kuti telala walephera.

Lolemba ndatsegula m'mamawa, ndathira mafuta mashini.
Abwera kale anyamata awiri,
akufuna jekete ngati la Yotamu.
Ndawauza mtengo watsopano, mmodzi waseka, wina wasiya chikole.
Batani la amuna anga lafika ku Lusaka,
kumene mwini wake sanapondeko.

Buku lili pomwe paja, pansi pa sizasi.
Tsamba lija sindinang'ambe.
Shawa, mazana atatu.
Akuti afika Lachitatu, anthu akamulandira ndi malipenga.
Ndidzavina nawo, chitenje chatsopano m'chiuno,
buku lili m'chikwama.