Magalasi a Achimwene

Achimwene Fanuwelo anabwerera kudzera pa Muloza
chaka chimene mapeyala anayoyoka osakhwima.
M'chikwama munali malaya awiri, wailesi yakufa,
magalasi amphira okhala ndi kapaipi kokhota,
ndi kamwala koyera kanthambinthambi,
kopepuka ngati fupa la nkhuku.
Khutu lakumanzere analisiya kunyanja yamchere.
Ukafuna kuwauza kanthu, uyambe wazungulira.

Zaka zisanu ndi ziwiri akuyendetsa boti la alendo
pa chilumba chopindika ngati nkhata,
pakati dziwe lodekha, kunja mafunde akulusa.
Ankati pansi pake pali munda wopanda mwini khasu,
miyala yamoyo, ina bowa, ina nyanga za gwape,
nsomba zovala zitenje za pachinkhoswe,
kamba wamkulu kuposa lichero akuuluka mosafulumira.
Ine ndinkaseka, ndikusasa dengu langa la tiyi.
Mwala n'kukhala ndi moyo, achimwene?
Yathuyi ya m'phiri imayenda Napolo akadzuka,
ndipo ikayenda timalira.

Lamulungu lina, dzuwa likuswa mtengo,
anati tiye ku Likhubula.
Kabaza anatisiya pamlatho, kwinako wapansi,
kupatukira amayi osenza nkhuni zazitali.
Padziwe analavulira m'galasi, n'kutikita ndi chala,
akuti lisachite nkhungu.
Ndinanyansidwa, anaseka, ndinavala.
Mphira unkanunkhabe mchere wakalekale.
Luma apa. Pumira m'kamwa.
Madzi sakonda munthu waphuma.

Kuzizira kunandilowa m'mano.
Ndinamva mpweya wanga ukulira m'paipi
ngati wina wagona pafupi nane.
Kenako maso anatseguka.

Zaka makumi atatu ndikuchapa mumtsinje uno
osadziwa kuti dzuwa limaluka ukonde pansi pake,
ukonde wonjenjemera, wosakola kanthu.
Nkhanu inandiyang'ana, n'kulowa cham'mbali kuchipinda.
Tinsomba totuwa, topanda chitenje chilichonse,
tinaima pamzere moyang'ana kumtunda
ngati ife pa sikelo tsiku loyeza masamba.
Pakati pa miyala iwiri, chitsekerero cha botolo.
Patsogolo pang'ono, supuni.
Ya ndani?
Madzi anaitenga m'khitchini ya munthu usiku wina,
ndipo yagona apo, yoyera, ikudikira phala.

Achimwene anamira maso ali pamtetete,
mapazi akuchepa, akuchepa.
Ndinawerenga kufika makumi anayi, mtima uli m'mwamba.
Anavuuka ndi mchenga wodzaza dzanja,
akuseka ngati kamnyamata kothawa sukulu.

Tikuwothera dzuwa pathanthwe ndinafunsa,
nanga munachokerako chiyani?
Mwina ndinali kumbali ya khutu lakufa.
Anakhala duu mpaka thanthwe linayamba kuzizira,
ndiye anasolola kamwala kaja m'thumba la kabudula.
Aka kanali kofiirira, anatero. Kanali ndi nsomba zake.
Chaka china madzi anafunda ngati osambitsira khanda,
munda wonse unamera imvi mwezi umodzi.
Alendo analowa, anatuluka, osajambula.
Mwini boti anagulitsa injini.

Ndinakagwira. Kanandikanda m'chikhatho.
Sindinadziwe ngati munthu amapepesa
maliro a mwala.

Lolemba m'mawa ndili m'mizere, dengu kumsana,
nkhungu yadzaza esiteti mpaka m'khosi,
anzanga akuoneka mitu yokha, ikuyandama.
Manja anga akupalasa pamwamba pa masamba,
awiri ndi kansonga, awiri ndi kansonga,
ndipo ndikudzipeza ndikupumira m'kamwa, pang'onopang'ono,
ndikusuzumira pansi pa zitsamba
kumene sindinayang'aneko chiyambire ntchito.
Kapitawo akuti Lusitaniya, wataya chiyani?
Palibe, bwana.

Magalasi ali pamsomali kuseri kwa chitseko.
Ana a Esinati ayamba kale kukanganirana
woyamba kuluma paipi Lamulungu likudzali.
Kamwala kali pawindo, pafupi ndi machesi.
Nthawi zina achimwene amakathira madzi.